Chitseko cha Galimoto pa Basi ya ku Petauke

Amuna anga anali ndi galimoto, ine ndinali ndi mpando wa kumanzere. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala pampando umenewo, ndikuba ndi maso mmene mapazi awo ankapondera. Ndikapempha kiyi, yankho silinkasintha: "Motoka iyi ikali na penti ya ku fakitale. Chiigulile sinakhudzepo ngakhale udzu. Imwe tsiku limodzi chabe muzaisenda."

Anaigula kwa mzungu wina amene ankachoka ku Sasare dziko litangolandira ufulu. Mtundu wake unalibe dzina. Sunali wobiriwira, sunali wotuwa, unkangofanana ndi dzira la bakha. Iwo anali mlangizi wa zaulimi, ine mphunzitsi, tonse otumizidwa ndi boma ku Nyimba.

Tchuthi china anawaitana ku maphunziro ku Lusaka kwa milungu itatu. Anapita pa basi, kuopa kuti galimoto ingakalike mumzinda. Kiyi anabisa m'thumba la jekete yawo ya ukwati, ngati kuti wochapa ndi kusita m'nyumbamo anali munthu wina. Loweruka m'mawa ndinatenga kiyiyo, ndinaliza galimoto, n'kuzungulira nayo bwalo la mpira la pasukulu kasanu ndi kawiri, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Pobwerera ndinakumana ndi mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Chitseko cha woyendetsa chinakalika mzere wautali ngati mkono wanga.

Ndinachita mantha, sindibisa. Kukalipiridwa sindinkaopa ayi. Chinkandiwawa n'choti mawu awo aja apherezeka, ndipo kiyi sindidzaigwiranso mpaka kufa.

M'masitolo a ku Nyimba masiku amenewo munali mashelefu ambiri kuposa katundu. Penti inalipo ya mitundu iwiri, yakuda ya pabolodi ndi yofiira yopaka pansi. Wogulitsa anandiuza za mmisiri wina wa ku Petauke wodziwa kusakaniza, koma anati ameneyo amafuna kuona ndi maso. Ndinafunsa ngati ndingangomutengera dzira la bakha. Anati abakha amasiyana.

Kuyendetsa mpaka ku Petauke sindikanatha, poti laisensi ndinalibe ndipo pamsewu pankakhala asilikali. Choncho wokonza njinga anabwera ndi masipanala, nandimasulira chitsekocho, ine n'kuchisenza pamutu mpaka pokwerera basi.

Kumeneko achinyamata a chipani ankaona makhadi. Langa ndinaonetsa. Mmodzi anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali, nafunsa mnzake ngati nacho chikufunika khadi. Anagwirizana kuti popeza chinabadwira kunja, sichingalowe chipani.

Kondakitala ankafuna chikwere pamwamba pamodzi ndi mbuzi. Ndinakana kwamtuwagalu, mpaka chinapatsidwa mpando wa pawindo, ine pambali pake. Kunatentha. Mdala wina wa kumbuyo anandigwira paphewa: "Amai, tsegulaniko windo, tifa." Ndinapukusa chogwirira, galasi la chitseko changa n'kutsika. Windo la basi limene linali kuseri kwake linali lokhomerera ndi misomali, komabe mdalayo anapuma mokoka nandithokoza.

Asilikali atatiimitsa, mmodzi analowa, naima pa ife.

"Amai, motoka yonse ili kuti?"

"Ili kunyumba, bwana."

Anagogoda pachitsekopo katatu. Palibe anayankha, ndiye anatilola kupita.

Mmisiri uja ndinamupeza kuseri kwa msika, bambo wachikulire wa zikhadabo zamitundumitundu. Ndisanamalize n'komwe moni, anakanda chitsekocho ndi chala, naseka.

"Chabwelanso ichi?"

"Chabwelanso bwanji, abambo?"

Analowa m'kashedi kake, natuluka ndi kachitini kafumbi. Pachivundikiro panali polemba ndi msomali: Alangizi, Nyimba.

"Aka n'kachitatu," anatero. "Poyamba inali ngolo ya ng'ombe ku Sandwe. Kachiwili anati ni mtengo wa mango."

Ndinakhala pansi pa ndowa imene inali pafupi.

"Nanga penti ya ku fakitale?"

Anakweza chogwirira cha chitseko, nandionetsa kadontho kobisika kochepa ngati njere ya nyemba. "Yatsala ni iyi. Ndipo ngakhale muipeze m'sitolo, siingagwilizane, chifukwa ya ku fakitale ilibe dzuwa la ku Nyimba mkati. Ine dzuwa nimaikamo nekha." Anatapa kachikasu pang'ono ndi nthenga ya nkhuku, natakasa.

"Nawonso anabwela nacho pa basi?" ndinafunsa.

"Iwo amachikulunga m'bulangeti monga mwana."

Pamenepo ndinakumbukira. Kawiri konse galimoto inafunditsidwa lona masiku atatu, ati injini ikupuma. Kawiri konse bulangeti lathu la alendo linasowa, ndipo ine ndinakayikira mlamu wanga, munthu wosalakwa. Ndinaseka mpaka misozi, koma mkati ndinapsa mtima. Zaka zonsezi ndinkachitira ulemu penti yosakaniza ndi nthenga ya nkhuku kuseri kwa msika!

Chitseko chitauma ndinabwerera nacho, kachitini kali m'chikwama, ndipo wokonza njinga uja anachibwezera pamalo pake.

Tsiku limene amuna anga anafika, asanandipatse moni anazungulira galimoto yawo, nasisita chitseko chija ndi chikhatho. "Mwaona?" anatero. "Ya ku fakitale siichoka."

Ndinawalandira bwinobwino, n'kuwapatsa madzi osamba. Atakhala pathebulo kuti amwe tiyi, ndinaika kachitini kaja pambali pa shuga, zolembazo zitaloza kwa iwo. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi muja, ena akuthwa ndithu. Koma nditaona mmene ankawerengera mawu awiri okhawo mobwerezabwereza, tiyi akuzizira, ndinawamvera chisoni.

"Mtengo wa mango?" anafunsa chapansipansi.

"Womwewo."

Anagwedeza mutu. "Uja mtengo unamela poipa."

M'mawa mwake kiyi ndinaipeza m'sosa ya kapu yanga. Nditatuluka panja ndinawapeza atakhala kale pampando wa kumanzere, atavala jekete ya ukwati ija, maso atatsinzina, kachitini atakafukata pamiyendo.