Fungo la Dengu la Agogo Esime

A Sankhani akhala akuperekera zakudya pa loji ina ya pa boma la Mwanza kuyambira chaka chomwe zipani zinachuluka. Mowa samwa, ndi mkulu wa mpingo. Chawo n'kutsegula botolo, kuthira, n'kubwerera kukaima pakhomo la khitchini.

Tsiku lina masana, mayi wina wochokera ku Tete anaitanitsa vinyo woyera wa ku Chile, yemwe anali atakhalitsa pashelefu wopanda womufunsa. Chitsekero chitazuka, a Sankhani anangoti chilili. M'botolomo munatuluka fungo la udzu wongomweta kumene, losakanikirana ndi la makoko a nachesi wosapsetsa.

"Bambo, mukuliwerengera pemphero botololo?" anaseka mayiyo. "Tathirani!"

Anathira, koma mtima unali kale kwawo kwa Kanduku. Agogo awo, a Esime, ankayala udzu wauwisi m'dengu asanaikemo manachesi, kuti asaphwanyike paulendo wa kumsewu. Anali mayi wamakani pamalonda, wokalipira mbuzi ngati anthu. Koma nachesi akang'ambika ankamusenda ndi chikhadabo, n'kupatsira chakumbuyo mdzukulu wowatsata, osacheuka n'komwe. Chithunzi chawo palibe, ndipo nkhope yawo inali itayamba kufufutika m'mutu mwa a Sankhani. Chotsala chinali mtengo umodzi wokalamba wa manachesi mwa yomwe agogowo anadzala, ndipo a Sankhani eniakewo, monga mwinimbumba, anali atavomera kuti mlongo wawo Flossie audule awotchere njerwa.

Kutacha anapempha tchuthi n'kupalasa njinga. Anakapeza mtengo uli kale pansi, thunthu litagawidwa zipika.

"Mwabwera kudzalira nkhuni, achimwene?" anatero Flossie, manja ali m'chiuno. "Si munavomera nokha? Zaka zonsezi ukungobala timanachesi touma ngati miyala."

"Ndinavomeradi. Tandibwerekani mpeni."

Masamba anali asanafote. Anasankha tinthambi tanthete, natikulunga mu udzu wonyowa, n'kutsikira kudimba komwe kunamera mbande za mandimu. Kumezanitsa anangokuonerera kalekale kwa alangizi, ndipo manja awo anali ozolowera mafoloko okha. Analumikiza tinthambito pambandezo, n'kumamanga ndi timizere ta pepala la shuga, dzuwa mpaka kupendeka.

Tambiri tinauma. Kamodzi kanagwira.

Lero kamtengoko kawafika m'chifuwa, ndipo sikanabalebe. A Sankhani amapitako Loweruka akapuma. Botolo la ku Chile lija, lomwe mayi uja analisiya lopanda kanthu, amalidzaza madzi n'kulizika chazondoka patsinde kuti azidontha pang'onopang'ono. Flossie sasiya kuwaseka kuti mkulu wa mpingo wayamba kumwetsa mitengo vinyo. Iwo amangothyola tsamba limodzi, kulifikisa ndi zala, n'kununkhiza. Nkhope ija sinabwerere yonse, koma dzanja lopatsira chakumbuyo lija amaliona bwinobwino, ndi chikhadabo chake chobiriwira ndi makoko.