Jeke Wopukusa ndi Dzanja la Changu

Inu amene mwagwira tsaya lero mukuti zanu zada, tamverani za makaniko wina wa njinga zamoto amene anzake ankamutcha Changu.

Tsiku limene ankatuluka m'chipatala, Changu analephera kumanga batani la malaya ake. Dzanja lake lamanja, limene linkamasula injini ngati likusenda nthochi, linali litauma gwa. Zala ziwiri zinapindika osawongokanso, zotsalazo zinkangonjenjemera. Mkazi wake ndiye anamumangira batanilo anamwino akuona. Bambo wandevu zake analira osabisa.

Chimene chinamuvulaza n'chopsetsa mtima. Kugalaji kumene ankagwira ntchito kunali jeke wapamwamba, uja wopopa ndi phazi, wokweza njinga yonse m'mwamba. Jekeyo anali ndi kachitsulo kotsekera, koti ukakweza njinga ukalowetse kuti isatsike mwangozi. Koma amuna a pagalajipo anali ndi chizolowezi chawo chopusa. Wolowetsa kachitsuloko ankamuseka kuti ndi wamantha, wongoyamba kumene ntchito. Ndipo woseka mokweza kuposa onse anali Changu yemweyo.

Tsiku lina ali kalikiliki kumasula nati kunsi kwa injini, kachitsulo kaja osakalowetsa, mnzake podutsa anaponda chotsitsira. Njinga yonse inatsikira pa dzanja lake.

Atachira n'kubwerera kuntchito, anapeza pamalo pake pali munthu wina.

"Mukudziwa nokha, a Changu," anatero mwini galaji, maso ali pa dzanja lija. "Makasitomala athu sadikira."

Basi, ntchito inathera pomwepo. Banja lonse linayamba kudalira makina osokera a mkazi wake, amene anali telala wa pakhonde. Mayiyo ankapalasa makinawo kuyambira m'mawa mpaka msana kuwawa, pamene mwamuna wake ankangokhala kuseri kwa nyumba, m'kachisakasa ka malata mosungira matayala akale. Manyazi ankamudya. Njinga yamoto ikadutsa mumsewu, dzanja linkamupweteka ngati lavulala tsiku lomwelo.

Amene anamutulutsa m'menemo ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, wa kabaza wopanda chisoni pakamwa. Anafika ndi njinga yake mpaka pakhomo la chisakasacho n'kuisiya ikulira.

"Alamu, chinaphwanyika ndi dzanja, osati makutu. Tamverani, ikudwala chiyani iyi?"

Changu anafuna kumuthamangitsa, koma khutu la makaniko silimva zokana. Anapendeketsa mutu.

"Tcheni chakhwepa. Ndipo pulagi imeneyo munaisintha liti, inu?"

"Ndikanadziwa zimenezo ndikanabwera kwa inu? Sipanala iyo."

Anaigwira ndi dzanja lamanzere. Inamupulumuka, anaitola. Inamupulumukanso, anatukwana, anaitolanso. Ntchito imene kale ankaimaliza munthu asanamalize moni inamutengera m'mawa wonse, koma njinga inachoka ikulira bwino.

Mlamuyo anali ndi pakamwa, ndipo pakamwa pake panagwira ntchito. Anzake a kabaza anayamba kubwera mmodzimmodzi ndi timavuto ta mabuleki, magetsi ndi matcheni. Changu anasesa m'chisakasa muja, anakhoma misomali yopachikapo masipanala, ndipo dzanja lamanzere linayamba kumvera.

Koma ntchito zenizeni, zimene zimadyetsa makaniko, zimafuna kuti njinga ichoke pansi. Ena amangoitsamiritsa panjerwa mnzawo atagwira. Changu analibe mnzake wogwira, analibenso dzanja loti n'kuiwakha ikapendekeka. Munthu akabwera ndi vuto la gudumu kapena la kunsi kwa injini, ankamubweza. Ndipo wobwezedwa kamodzi sabweranso ngakhale ndi pulagi. Zinaonekeratu kuti popanda jeke, kagalaji kameneka kafa kasanabadwe.

Anapita ndi mkazi wake kusitolo ya zipangizo. Wogulitsa anawaonetsa majeke awiri. Woyamba anali wofiira, wonyezimira, wa timatayala, wopopa ndi phazi. Wachiwiri anali kanthu kakuda kosaoneka bwino, kokhala ndi chitsulo chamazinga pakati ndi chogwirira chopukusa ndi dzanja. Mitengo yake inali yosiyana ngati usana ndi usiku.

Wogulitsayo anali wachilungamo. "Wofiirayu sangakuvutitseni dzanja, bambo. Mungoponda basi. Wakudayu ndi wolimba ndithu, ndipo sagwa mwadzidzidzi chifukwa amatsika pokhapokha mukapukusa. Koma amachedwa, ndipo kupukusako kumafuna mphamvu."

Mkazi wake sanadikire. "Titenga wofiirayo."

"Ndi ndalama ziti, mayi a mwana?"

"Ndagwirizana kale ndi mayi wina. Akufuna makina anga."

Changu anamva ngati wina wapondanso chotsitsira. Makina amenewo ndi amene ankawadyetsa, ndi amene ankatumiza mwana wawo kusukulu. Galaji ikanakanika, akanatsala ndi jeke wonyezimira ndi mbale zopanda kanthu.

"Makinawo sakuchoka pakhonde paja," anatero.

"Bambo a mwana, zotchipa zimapweteketsa. Ndinakumangirani batani kamodzi. Sindikufuna kudzakudyetsani ndi supuni."

"Amene anandiphwanya anali wofiira ngati ameneyu. Analibe mlandu jekeyo. Mlandu unali wa liwiro lathu. Kudula kwa jeke sikungandilowetsere kachitsulo kotsekera kaja."

"Nanga dzanjalo lipukusa bwanji?"

"Lidzaphunzira. Likakana, ndidzakuuzani."

Mayiyo anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anabwerera kunyumba atanyamula kajeke kakuda kaja.

Musaganize kuti zinthu zinayenda pomwepo. Chogwirira chija chinkafuna manja awiri. Lamanzere linkakoka, lamanja linkakankha ndi zala zake zotsala, ndipo ululu unkafika mpaka m'phewa. Njinga inkakwera pang'onopang'ono moti a kabaza ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"A Changu, dzina lija mubweze! Tikadye kaye tikupezani mukupukusa?"

Iye ankangomwetulira. Koma panali chinthu chimodzi chimene sanauze munthu. Ankatha kukweza njinga, kuchotsa gudumu, kusintha tayala ataima pambali. Kulowetsa dzanja kunsi kwa injini ndiko kunkamukanika. Akangoyesa, mantha ankamugwira, dzanja n'kulibweza. Ntchito zoterozo ankapeza chonamizira n'kuzibweza.

Tsiku lina mlamu wake anafika akukankha njinga, ili ndi mzere wa oyilo kumbuyo kwake. Sinali yake ija, inali yaikulu, yolemera, ya bwana amene anali atangomulemba ntchito yonyamula katundu.

"Alamu, ndapunthitsa pamwala, ikudontha kunsi. Akaiona chonchi abwana, ntchito yatha. Kwina ndilibe kopita."

Kalankhulidwe koseka kaja panalibe. Changu anayang'ana oyilo amene ankadontha padothi, anayang'ana mlamu wake. Munthu amene anakudzutsa uli chigonere ungamuuze kuti pita kwina?

Analowetsa jeke kunsi n'kuyamba kupukusa. Njinga inali yolemera kuposa zonse zimene anakwezapo, ndipo dzanja linkayaka moto. Itakwera, mlamuyo anaigwira chiwongolero.

"Lowani msanga, ndagwira ine."

"Siyani," anatero Changu. "Muno simugwira munthu."

Anatenga malamba n'kuimanga njingayo mbali zonse ziwiri kumizati ya chisakasa. Anatenga chipika cha mtengo n'kuchilowetsa kunsi, pafupi ndi jeke, kuti ngakhale chitsulo chitathyoka njinga ikhale pachipikacho. Kenako anaigwedeza ndi phewa mwamphamvu. Sinasunthe. Zonsezi kugalaji kwakale zikanamuchititsa kusekedwa chaka chathunthu.

Changu anagwada. Dzanja lamanzere silikanafika pamene panali nati yotsekera oyilo, panafunika lamanja. Analiyang'ana likunjenjemera. Mantha anali pomwepo, sanachoke ayi, ndipo musamvere aliyense wokuuzani kuti amachoka musanayambe. Anapuma mozama n'kulilowetsa.

Chitsulo chinali chofunda. Zala zinapapasa, zinaipeza natiyo, inali itakhwepa ndipo kamphira kake kanali katang'ambika. Sipanala inaterereka koyamba. Kachiwiri inagwira. Anamasula, anasintha kamphirako, anamanga, anapukuta ndi kansanza n'kudikira. Palibe dontho limene linagwa.

Atatulutsa dzanja, anaona kuti mkazi wake waima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali atasiya kusoka kalekale. Mayiyo anayandikira, anagwira dzanja lodzaza oyilolo, analitembenuza uku ndi uku ngati akuyang'ana nsalu yoti agule. Misozi inali mbwee, koma pakamwa pankaseka.

"Pitani mukasambe," anatero. "Musandidetsere nsalu za anthu."

Kuchokera tsiku limenelo palibe njinga imene inabwezedwa pakhomo paja. Oseka aja ndi amene anayamba kuuzana kuti kwa Changu n'kochedwa, koma njinga yako siigwa ndipo subwererako ndi vuto lomwelo. Kupukusa kwa tsiku ndi tsiku kunalimbitsa zala zimene zinkanjenjemera, mpaka zinayamba kugwira sipanala popanda kuichonderera. Zopindika zija sizinawongoke, ndipo sizidzawongoka. Banjalo likudya ndi manja a anthu awiri, telala pakhonde, makaniko kuseri.

Tsono inu amene mukudikira chida chapamwamba kuti muyambirenso, mudikira mpaka liti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yambani ndi chimene mungathe kuchinyamula osagwetsa denga la banja lanu, ngakhale chikhale chochedwa, ngakhale akusekeni. Mangani malamba anu, ikani chipika chanu, ndipo pamalo pamene munavulalira paja, lowetsaniponso dzanja. Lizinjenjemera choncho. Osataya mtima, abale anga, nati ija ikukudikirani.