Tsiku limene ndinayendetsa ankhoswe pamanda a eni

Kapepala kake ndikadali nako. Kali m'faelo yobiriwira imene ndimasungamo zinthu zondikwiyitsa, pakati pa kalata ya kampani ya magetsi ndi ya dokotala wa mano. Kamanena kuti munthu adzaona mzinda wakale wa Leicester akuyenda pansi, adzaona chipupa cha Aroma, nyumba zamatabwa ndi timisewu tamakedzana, ndipo avale nsapato zosapweteka. Za mfumu ina yotchuka kanatchulako, koma sikananene kuti tikaipeza ili chigonere. Ndakawerenga ndi magalasi, ndakawerenganso popanda magalasi. Palibe pamene panalembedwa kuti ulendowo ndi wa kumanda.

Nkhani yake inali yotere. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ndi namwino pachipatala china muno, anapeza mbeta, namwino mnzake wokhala ku Hyson Green ku Nottingham. Ine monga malume wake ndinali nkhoswe ya kuchimuna. Nkhoswe ya kuchikazi, malume wa mtsikanayo, anabwera kuchokera ku Ntcheu pamodzi ndi akazi awo. Anali bambo wamtali, wopuma pantchito ya ulangizi wa zaulimi, mkulu wa mpingo, munthu wosafulumira kuseka. Chinkhoswe chinali Loweruka, holo itapezeka kale, nkhuku zitagulidwa, koma mawu oti tavomera anali asanatuluke pakamwa pawo. Ankati ayambe aona kaye anthu ake ndi malo amene mwana wawo akukakhala. Akanakana, mphwangayo akanatsala ndi suti yatsopano ndi manyazi, ine n'kumayenda chowerama m'tchalitchi mpaka kufa.

Nzeru ya ulendowu inali ya mphwangayo. Anafika kunyumba kwanga ku Evington n'kunena kuti wabukitsa pafoni malo a anthu anayi Lachinayi m'mawa. Ndinamuuza kuti mlendo wolemekezeka sayendetsedwa pansi ngati wodzagula mbuzi. Ndinati tiwakweze galimoto, tiwazungulitse ku Oadby akaone nyumba zazikulu ndi kapinga wometedwa bwino, aganize kuti ndi kumene mwana wawo akulowera. Iye anati kuno anthu ophunzira ndi amene amayenda pansi, ndipo alendowo akaona kuti mzinda wathu uli ndi mbiri. Mbiriyo anaionadi.

Tinafika titavala masuti, akazi a ankhoswe atavala diresi la kutchalitchi. Anzathu a paulendowo, azungu angapo ndi banja lina la ku Asia, anali m'makabudula ndi zikwama zakumsana ngati akukasaka mbewa. Wotitsogolera anali mayi wachizungu wachikulire, wansangala kwambiri, atanyamula ambulera yofiira imene ankaikweza m'mwamba ngakhale kunalibe mvula. Anatiuza kuti tizitsatira ambulerayo. Ine ndagwirapo ukalaliki zaka zambiri kumudzi ndisanabwere kuno kudzasamalira okalamba, ndipo sindinatsatirepo ambulera ya munthu. Tsiku limenelo ndinaitsatira.

Poyamba anatiimika pa chipupa cha Aroma chija. Ndi chipupa chakugwa, chopanda denga, chopanda chitseko. Mayiyo anachiyamikira nthawi yaitali ngati mwana wake wakhoza mayeso. Ankhoswe anachiyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba, kenako anandifunsa chapansipansi ngati boma la kuno lilibe simenti. Ndinawafotokozera kuti anachisiya dala. Iwo anati kwathu limenelo ndi bwinja, ndipo bwinja munthu amalilambalala, salionetsa mlendo. Pa nyumba yamatabwa yopendekeka, mayi uja anationetsa pamene ankatsekera akaidi, n'kumafotokoza za anthu onyongedwa nkhope ili ngwee. Ankhoswe anangosuntha chipewa pang'ono.

Kenako ambulera inakhota n'kulowa pachipata cha tchalitchi china chakale, ndipo mkati mwa mpandawo munali miyala ya pamanda mbali zonse. Pabenchi ina panakhala anyamata a muofesi akudya masangweji. Galu wa munthu wina anali atakweza mwendo pa mwala wa malemu. Ankhoswe anaima pachipata.

“Ankhoswe anzanga, kwagwa zovuta kodi?”

“Ayi, bambo, kulibe zovuta.”

“Nanga tikulowa kudzatani?”

Mphwanga anayamba kufotokoza kuti kuno manda ali ngati paki, ine n'kumuponda phazi. Ambulera inali itafika kale kutsidya, ndipo njira ina panalibe. Ankhoswe anavula chipewa. Akazi awo anatsegula chikwama, anatulutsa chitenje n'kuchimanga pamwamba pa diresi. Tinadutsa pamandapo pang'onopang'ono, mitu ili pansi, monga amayendera anthu operekeza maliro, gulu lonse likutidikira kutsogolo. Mayi wa ambulera anatifunsa mwachifundo ngati mapazi akupweteka.

Ndinaganiza kuti zoipa zatha. Koma tinali tisanafike pa nkhani imene mzinda uno umanyadira kuposa zonse. Mayiyo anatisonkhanitsa pafupi ndi tchalitchi chachikulu, anadikira kuti tonse tikhale chete, n'kuyamba kusimba za mfumu ija. Anati inaphedwa kunkhondo kalekale, anaiika m'manda mothamanga, malowo anaiwalika, ndipo patapita mibadwo anthu anathirapo phula n'kumaimikapo magalimoto, mpaka akatswiri anadzakumba n'kupeza mafupa. Pofika pa magalimotopo anaseka, gulu lonse n'kusekanso. Zikuoneka kuti amaseka pamalo omwewo tsiku lililonse. Ine ndinayamba kutsokomola kuti mwina mawu ena asamveke, koma mlangizi wa zaulimi Chingerezi amachimva bwino kuposa ine.

Ankhoswe anakweza dzanja ngati m'kalasi. M'Chingerezi chosalala anafunsa kuti amene ankaimika galimoto pamwamba pa mfumuyo anali yani, ndipo anamulipiritsa chiyani. Mayiyo anati limenelo ndi funso lokoma kwambiri, koma palibe amene ankadziwa kuti pansipo pali munthu. Ankhoswe anafunsanso kuti abale a mfumuyo, adzukulu ake, anali kuti nthawi yonseyo. Mayiyo anati limenelonso ndi funso lokoma. Anawonjeza kuti mafupawo anaikidwanso mwaulemu waukulu m'tchalitchimo, ndipo chiyambire pamenepo alendo amabwera ambiri, mzinda ukupindula. Ankhoswe anathokoza, anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa kuti, “Ndiye kuti anamufukula, tsopano akumugulitsa.”

M'tchalitchimo tinapeza manda a mfumuyo, mwala waukulu wosalala, anthu atauzungulira akudzijambula ndi mafoni, mano onse pamtunda. Akazi a ankhoswe anaima pambali, manja atagwira kutsogolo, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya pamaliro. Sanachite dala, inangotuluka yokha monga imachitira mayi aliyense wa chigwirizano akaona manda. Mzungu wina wa kabudula anatembenuza foni n'kuyamba kuwajambula. Mayi wa ambulera anagwira pamtima, anati pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi sanaonepo ulemu wokhudza mtima chotere, ndipo anafunsa ngati angaimbenso kuti ena amene anali kumbuyo amve. Potuluka tinadutsa pamalo ogulitsira makapu ndi nsalu zopukutira mbale zokhala ndi nkhope ya malemuyo. Ankhoswe ananyamula kapu imodzi, anaiyang'ana, anaibweza bwinobwino.

Ulendo utatha, mayiyo anatilozera malo abwino omwera tiyi. Ankhoswe anati iwo sadya kanthu, salowa m'galimoto kapena m'nyumba ya munthu asanasambe m'manja, chifukwa achokera kumanda, ndipo osati amodzi. Mphwanga anathamangira mushopu kukagula madzi a m'botolo. Tinaima m'mphepete mwa msewu pakati pa tauni, anthu anayi ovala bwino, kuthirirana madzi m'manja ndi kumaso, basi zosanja zikudutsa, anthu a m'mwamba mwa basi akutisuzumira. Ndakhala mumzinda uno zaka zambiri osachititsapo manyazi jekete yanga. Tsiku limenelo inanyowa mpaka m'zigongono.

Tinakhala pabenchi pafupi ndi msika. Ankhoswe anavala chipewa chawo, anapukuta manja ndi kampango, n'kuyankhula akuyang'ana kutsogolo.

“Anthu awa mfumu yawo anaiiwala pansi pa matayala. Nanga mwana wa mlongo wanga, mlendo, namwino chabe, adzamuika pati?”

Mphwanga anatsegula pakamwa kuti anene za inshulansi, ine n'kumuyang'ana mpaka anatseka. Ndinafotokoza mwaulemu kuti zimenezo zinachitika kale kwambiri, kuti masiku ano manda a kuno ndi osamalika, aliyense ali ndi nambala yake, ndipo zonse zimalembedwa m'mapepala osungidwa bwino. Ndinayankhula ndi mtima wonse, pakuti zimenezi ndimazikhulupirira.

“Mfumuyo inalibe mapepala?” anafunsa.

Akazi awo anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Kenako ankhoswe ananena zimene ankafuna. Mtsikanayo angakwatiwe, angakhale kuno, angabereke ana oyankha m'Chingerezi, zonsezo alibe nazo mlandu. Koma tsiku lake likadzafika, adzapite kwawo ku Ntcheu akagone pafupi ndi amayi ake, kumene anthu amadziwa kuti apa pagona uje. Ndipo ine, nkhoswe, ndilonjeze zimenezi. Ndinavomera msanga, n'kunena kuti madzulo omwewo ndilemba bwinobwino, makope awiri, tisayinirane. Anakana. Anati ndidzanene ndi pakamwa Loweruka, pamaso pa anthu onse, kuti amene adzatsale adzakumbutsane.

Choncho Loweruka, m'holo yokongoletsedwa ndi mabaluni, nyimbo zitazimitsidwa pakati, amayi atagwira kale ndalama zofupa m'manja, ine ndinaimirira ndi maikolofoni n'kulonjeza bokosi ndi ndege kwa mtsikana wathanzi amene anakhala patsogolo panga atavala zonyezimira, akumwetulira. Ana obadwira kuno ankafunsa amayi awo kuti agogowo akuti chiyani, amayiwo n'kumawatsina. Mzambiya wina kumbuyo anafunsa mokweza ngati walowa pamwambo wolakwika. Ankhoswe anamvetsera mpaka mawu omaliza, anagwedeza mutu, anaimirira n'kunena kuti avomera. Tinasinthana nkhuku, nthungululu zinamveka, mphwanga anapuma ngati wotula thumba la chimanga.

Pamene ndinakhala pansi ndi pamene ndinayamba kuganiza bwino. M'holo monsemo munthu wamkulu kuposa onse ndinali ine, wa mankhwala a shuga m'thumba, ndipo ndinali nditalonjeza kudzaperekeza mwana amene tsiku langa likadzafika ndi iye adzakhale akuphikira anthu tiyi. Za ine palibe amene anaimirirapo ndi maikolofoni.

Anthu akuvina, mkwatibwi uja anabwera, anagwada pambali pa mpando wanga monga mwa mwambo, n'kundipatsa mbale ya chakudya. Ndinaganiza kuti akudzadandaula kuti takambirana za maliro ake osamufunsa, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Koma anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansi.

“Apongozi, musade nkhawa ndi lonjezo lija. Mudzayamba ndinu. Ife tidzakutumizani, mungotiuza mudzi wake.”

Ndinamuuza mudzi wake, mfumu yake, ndi njira yokhotera ukachoka pamsewu wa phula.