Timiyala Tamoto M'manja Awiri

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ku England ndinali nditangokhalako miyezi yochepa. Amayi anandisiya ku Ntcheu ndikuphunzira kumene kuyankhula, m'manja mwa akulu awo, iwo n'kupita kukagwira ntchito ya unamwino ku Middlesbrough. Kumeneko anakwatiwa ndi a Gondwe, n'kubereka mlongo wanga Jayden. Mapepala anga atatheka, ndinakwera ndege kukakhala ndi mayi amene ndinkangowadziwira pa foni.

Tsiku lonyamuka, mayi aakulu anandikhazika pakhonde. "Elube, kumeneko usakakhale mwana wovuta. Wamkulu akakupatsa kanthu, landira ndi manja awiri. Usamakadandaule. Mwana wovuta amam'bweza."

Mawu omalizawo ndi amene ndinanyamula. Ndinkatsuka mbale asananditume, ndinkagwada popereka madzi, ndipo nsapato zikandithina ndinkangopinda zala. Jayden, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankaitana amayi ali chigonere pampando, n'kumakankha chakudya chimene sanachifune. Ndinkamuyang'ana ndi mantha, kudikira tsiku limene adzam'bweze, ngakhale sindinkadziwa kuti iye angam'bwezere kuti.

Patchuthi cha sukulu amayi anatitenga tonse, ndi a Gondwe omwe, pa ulendo wa sitima yapamadzi. Anali atagwira ntchito masiku opuma ambiri kuti zitheke. "Ulendo uno ndi wako, Elube," anatero. "Banja lakwana tsopano." Ndinathokoza, koma mumtima ndinamva ngati andisenzetsa mtsuko wodzaza woti ndisatayeko dontho.

Sitimayo inaima pa chilumba china cha mapiri amene anaphulikapo moto kalekale. Tinakwera basi ndi alendo ena. Titatuluka m'tauni, dziko linada bii. Kunalibe mtengo, udzu kapena mbalame. Miyala inali yopindikapindika ngati ng'anjo ya njerwa imene yapsa mopitirira n'kugumuka, ndipo inafika mpaka pamene maso analekezera. Wotionetsa malo ankayankhula Chingerezi chothamanga, amayi n'kumanditanthauzira pang'ono.

"Akuti pansi apa pali midzi. Chiphalaphala chamoto chinakwirira nyumba ndi minda yomwe."

Kwathu malo oterowo timadutsa mwakachetechete. Apa anthu ankajambulana, akuseka.

Basi inaima pamwamba pa phiri, pamene panali kafungo ngati ka machesi. Bambo wina wa imvi, wogwira ntchito pamalopo, anaponya udzu wouma m'dzenje, ndipo unayaka wokha. Anathira madzi mu paipi yolowa pansi, madziwo n'kubwerera kumwamba ndi mkokomo. Kenako anatenga fosholo, natapa timiyala tofiirira pansi pomwe tinaimapo, n'kuyamba kugawira aliyense pang'ono padzanja.

Ndinaona mzungu wina akulandira ndi dzanja limodzi, n'kutaya pomwepo akukuwa. Winanso chimodzimodzi. Jayden analandira ndi kumanzere, n'kuwaza timiyalato pa nsapato za bamboyo. Ndinachita manyazi m'malo mwa amayi. Munthu wamkulu, wa imvi, akupatsa chinthu iwe n'kum'tayira kumapazi? Ndinati apa ndi pamene amayi aone kuti ku Ntcheu anandilera.

Atafika pa ine ndinapinda bondo, n'kutambasula manja awiri pamodzi. Poona malo ambiri, bamboyo anathira zonse zimene zinatsala pa fosholo.

Poyamba sindinamve kanthu. Kenako zinakhala ngati ndafumbata makala a pambaula. Ndinati, "Zikomo," n'kuluma mano. Ndinadikira kuti atembenuke kaye, pakuti sindikanataya iye akuona. Koma iye anaima, akundiyang'ana modabwa, n'kumanena mawu amene sindinawamve. Jayden anakuwa kuti, "Drop it, Elube!" Ine ndinagwada pang'onopang'ono, n'kutula timiyalato pansi bwinobwino, monga mmene umatulira mazira a eni.

Anthu anawomba m'manja. A Gondwe, amene ankajambula ndi foni, anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa ku Ntcheu ameneyo! Manja a khasu, osati a Jayden a buledi awa!"

"Sunapse?" amayi anafunsa, uku akupukuta dzanja la Jayden amene ankalira.

"Ayi, amayi."

Anamwetulira, n'kundisisita pamutu. Chibwerereni anali asanandisisitepo choncho. Ndinabisa manja m'thumba la juzi.

Pofika ku sitima, zikhatho zinali zitatuluka matuza. Ndinkadzitsekera m'bafa n'kuziviika m'madzi ozizira. Nthawi ya chakudya ndinkati nyanja ikundichititsa nseru, kuti ndisagwire supuni pamaso pawo. Ndikanayamba bwanji kunena? Ulendo unali wanga, ndipo ndinali nditayankha kale kuti ayi.

Titabwerera ku Middlesbrough kunali kutazizira, choncho magolovesi sanadabwitse munthu. Amayi anabwerera ku ntchito tsiku lotsatira, ndipo tinkangopezana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Matuza ndinawaboola ndi phini n'kupakapo mankhwala otsukira mano, monga ndinkaonera kumudzi. Mbale ndinkatsukabe. Mabala anayamba kutuluka mafinya, magolovesi n'kumamatirira.

Zinaululika m'kalasi, cholembera chitandipulumuka kachiwiri. Aphunzitsi anandiuza kuti ndivule magolovesi. Ataona, anagwira pakamwa. Ananditengera m'kachipinda kena, mmene munabwera mayi wina wa kuboma woona za ana.

Mayiyo anandifunsa mofatsa kuti wandiwotcha ndani. Ine ndinayang'ana pansi, pakuti wamkulu sumuyang'ana m'maso. Anafunsa ngati ndimaopa amayi. Ndinavomera, chifukwa kwathu mwana wosaopa makolo ndi mwana wopanda khalidwe. Anafunsa ngati ndimagwira ntchito kunyumba. Apa ndinayankha monyadira, n'kutchula zonse. Anafunsanso chifukwa chimene sindinauze munthu. Ndinati, m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ndikanena andibweza.

Mayiyo analemba zonsezo. Ine ndinkaganiza kuti ndikuwaikira kumbuyo amayi.

Tsiku limenelo sindinapite kunyumba. Atandimanga mabala kuchipatala, anakandisiya kwa banja lina lachilendo, m'chipinda chonunkhira galu. Akuluakulu a ku ntchito anawauza amayi kuti ayambe aima kaye ntchito mpaka nkhani ifufuzidwe, poti namwino amene mwana wake wapezeka ndi zikhatho zonse ziwiri zakupsa sangasiyidwe ndi odwala. Chinthu chimene ndinapsera manja kuti chisachitike chinali chitachitika: anandichotsa kwa amayi, ndipo wondichotsa ndinali ine ndemwe ndi ulemu wanga.

Chinatipulumutsa ndi kanema wa pa foni ya a Gondwe. Akuboma anamuonera, nafunsanso Jayden payekha, iye n'kufotokoza zonse mosaopa munthu, monga mwa nthawi zonse. Patapita milungu anandilola kubwerera, ngakhale anapitiriza kumatiyendera, ndipo ku ntchito kwa amayi anthu ena sanasiye kunong'onezana.

Madzulo a tsiku limene ndinabwerera, ndinawapeza amayi kukhitchini akuonera kanema uja. Sankayang'ana manja anga ayi. Ankadziyang'ana okha, m'mphepete mwa chithunzi, atawerama pa Jayden amene sanapse n'komwe, ine ndili chiimire pambali pawo ndi moto m'manja.

Ndinagwada. "Pepani, amayi. Musandibweze."

"Ndikubweze kuti?"

"Ku Ntcheu."

Amayi anatsika pampando n'kukhala pansi, pa matailosi ozizira, kuti tifanane msinkhu.

"Elube, ine ndimadziwa wodwala amene akubisa ululu ngakhale ali kutsidya la wodi. Iwe ndakhala nawe nyumba imodzi osaona kanthu. Ndinkati ndili ndi mwana wabwino, osadziwa kuti ndili ndi mlendo." Anayamba kumasula bandeji. "Pano pakuwawa?"

"Ayi, amayi."

Anadina pang'ono pambali pa bala, akundiyang'ana m'maso. "Ndikufunsanso. Pakuwawa?"

Ndinalira kulira kumene sindinalirepo chichokereni kumudzi, kokuwa, kwa mwana wovuta. Iwo sananditonthoze kuti ndisiye. Anangondigwira m'mikono mpaka ndinatopa.

Zipsera zilipo mpaka lero, ndipo kukazizira khungu la m'zikhatho limakokana. Mayi aakulu sindiwaimba mlandu. Anandipatsa chimene ankadziwa kuti chimasunga mwana m'nyumba ya eni. Chimene tonse sitinadziwe n'chakuti sindinkapita kwa eni. Ndinazindikira mochedwa kuti Jayden sankaopa kubwezedwa chifukwa ankadziwa kuti ali kwawo, ndipo kulira kwake konse kuja kunali kunena zomwezo.

Ndimalandirabe ndi manja awiri, ndipo sindidzasiya. Koma chikakhala chotentha, ndimataya wondipatsayo akuona.