Ntchentche ya Belinda

Amalawi a ku Indianapolis akamufunsa Belinda za ntchito yake, iye amayamba wapumira m'mwamba. Amajambula maluwa m'kati mwa hapusikodi, chida choimbira chomwe ndi agogo ake a piyano. Kampani ina yaing'ono ku South Bend imapanga zatsopano motsanzira zakalekale, ndipo Belinda ndiye amakongoletsa thabwa lopyapyala lokhala pansi pa nsambo.

"Ndiye maluwawo amalira?" ankatero azakhali ake, mayi Magdalene, nesi wodziwika pa mpingo wonse wa ku Lafayette Square. "Iwe, kaapulaye unesi mutu ukadali wofewa."

Belinda sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna kuti azakhaliwo avomere, ngakhale kamodzi, kuti imeneyi ndi ntchito.

Mu 2016 anamupatsa thabwa loyamba loti ajambule yekha, ndipo atamaliza anaitana azakhaliwo kuti adzaone. Anabwera atavala ngati akupita ku ukwati, chikwama chili m'khwapa. Belinda anawaonetsa maluwa ofiira, mbalame itatera pa chitsa, nafotokoza kuti utotowo ndi wosungunula ndi madzi ndipo sapakapo vanishi, kuopa kupha mawu a chidacho. Zonsezi ankanena uku azakhali ali kalikiliki kuyankha foni.

Tsono ojambula akale anali ndi kamwambo koika kachilombo pakati pa maluwa. Belinda naye anali ataikapo ntchentche, ya mapiko onyezimira, miyendo yonse yokwanira.

Anangotembenuka kuti atenge tiyi. Pobwerera anapeza azakhali atulutsa kansalu konyowa kaja sasiyana nako, kopukutira za kuchipatala.

"Anti, musakhu..."

Mochedwa. Ntchentche inapita, duwa linapita, mbalame inatsala ndi mwendo umodzi.

"Iii, mwanawe! Ndinaikupiza osauluka, ndiye ndimati yaferapo. Kani unachita kujambula?" Anayang'ana kansaluko, nayang'ana thabwa. "Koma dzanja uli nalo, ndavomera. Ine ndi maso angawa kupusitsidwa!"

Mawu amene Belinda anawadikira zaka zonsezi anafika chidacho chitatsala pang'ono kutengedwa ndi mwini wake. Sabata yonse inathera kukonza, akung'ung'udza yekha.

Lamulungu azakhali anaifalitsa nkhaniyo pakhomo pa tchalitchi monyadira kwabasi. Za unesi sanazitchulenso mpaka lero. Chovuta n'chakuti maluwa ndi mbalame anaziiwala pofotokoza, moti aliyense akamuona Belinda amamukokera pambali.

"Achemwali, tamva kuti mumajambula ntchentche. Azungu amagula zimenezo?"