A Mapopa ndi Phazi la a Enock

A Mapopa Gondwe anabwera ku Mangalande motsatira akazi awo. Mayi Matilda ndi amene anapeza ntchito ya unesi pa chipatala china chachikulu ku Sheffield, ndipo amuna awo, omwe ankaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina ku Kasungu, anasiya choko n'kukwera nawo ndege. Zaka zoyambirira anazithera m'nyumba yosungiramo katundu ku Wakefield, akunyamula makatoni a nsapato. Madzulo ankapita ku koleji. Mwana wawo Nthanda atayamba sukulu, iwo anapeza ntchito pa kakampani kena kuseri kwa yunivesite, komwe amayesa kupanga zipangizo za chipatala.

Ntchito yawoyo ndi yovuta kufotokoza, ndipo mavuto awo anayambira pomwepo. Amatenga silikoni, yemwe ndi labala wofewa woonekera mkati, n'kumuyala mopyapyala ngati khungu la anyezi. Pamwamba pake amaikapo kachitsulo kopyapyalanso. Kenako amalowetsa zonsezo m'makina a leza, ndipo kuwala kwa lezayo kumadula kachitsuloko n'kusiya timizere toyendamo magetsi. Amaphimba ndi silikoni wina, leza n'kuboola timabowo toti magetsiwo azitulukirapo. Chotsatira chake ndi kachingwe kofewa, kosaposa chala kutalika, koti madokotala adzakakulunge pa mtsempha wa mwendo kapena mkono umene unasiya kugwira ntchito, kuti kazidzutsa mtsemphawo ndi timagetsi tochepa. Zonsezo ndi za m'tsogolo. Pa nthawi ya nkhani ino, panalibe kachingwe ngakhale kamodzi ka a Mapopa komwe kanalowapo m'thupi la munthu.

Amalawi a m'derali amasonkhana kamodzi pa mwezi m'holo ya tchalitchi china ku Wakefield, kupemphera ndi kudya. Tsiku lina bambo wina anawafunsa ali pamzere wa tiyi.

"Ndiye ntchito yatsopanoyi mukuti n'njotani, aphunzitsi?"

"Ndimadula silikoni ndi leza. Zoti azidzaika m'thupi mwa anthu."

Bamboyo anangoti "Ohoo," n'kuthira shuga. Pofika mwezi wotsatira, holo yonse inkadziwa kuti a Mapopa amapanga mabere oikirira. Amayi ankakodolana iwo akamadutsa. Wina anauza Mayi Matilda kuti ali ndi mwayi. Mkulu wa mpingo, a James, anawaitanira pambali n'kuwafunsa modekha ngati ntchitoyo sikuwavutitsa chikumbumtima.

A Mapopa sachedwa kutopa ndi zopusa, koma sadziwa kukalipa. Amangomeza, nkhope n'kuuma. Ndipo zomeza anali nazo kale zokwanira ku ntchito. Chipinda chomwe amagwiriramo sichifuna fumbi, choncho amavala chovala choyera chophimba thupi lonse, kutsala maso okha. Ndevu zomwe anazisunga kuyambira ku Kasungu anameta. Mafuta odzola m'manja anawaletsa, moti m'nyengo yozizira manja awo amatuwa ngati a womanga nyumba. Ngakhale atasamala chotere, kansidze kamodzi kakagwera pa silikoni asanaume, ntchito ya tsiku lonse yapita. Lezayo ilinso ndi mtima wake: ikachepa mphamvu siidula, ikachuluka imawotcha n'kusiya mwaye m'mphepete. Zingwe zikatuluka bwino amaziviika m'mabotolo a madzi amchere, ofunda ngati thupi la munthu, n'kudikira miyezi kuti aone ngati madziwo angalowe mkati. Nthawi zambiri amalowa. Diana, mayi wa konkuno ku Yorkshire yemwe amayang'anira labuyo, amangoti, "Tiyesanso," ngati kuti chomwe chalakwika ndi dzira lowiritsa.

Nkhani ya mabere itawakwana, a Mapopa anaganiza zoikonza pagulu. Pa nthawi ya zolengeza anaimirira n'kupempha mphindi ziwiri. Koma uphunzitsi sutha m'magazi. Anayamba ndi mmene uthenga umayendera kuchoka mu ubongo kupita ku phazi, anajambula m'malere ndi chala, mpunga ukuzizira m'mapoto. Pomaliza anati, "Choncho abale, tsiku lina munthu amene ziwalo zake zinafa adzatha kuyenda chifukwa cha tizingwe timeneti."

Anakhala pansi mtima uli myaa. Sanadziwe kuti kumbuyo kwa holoyo kunali Mayi Edwina, omwe amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Wakefield komweko. Amuna awo, a Enock, ankayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, mpaka pamene anadwala sitiroko chaka chapitacho. Anachira pang'ono, koma phazi lamanzere linkakwakwaza pansi, zala n'kumakodwa pa kapeti, pa chiundo, pa chilichonse.

Loweruka lotsatira m'mawa, belu la pakhomo linalira. Mayi Matilda atatsegula anapeza Mayi Edwina ali ndi a Enock, omwe ankapuma movutika atatsamira ndodo. Anakwera sitima, anakwera basi, kenako anakwera wapansi chitunda chonse cha msewu wa a Gondwe.

Atakhala pansi n'kulonjerana, Mayi Edwina sanazungulire.

"Bambo a Nthanda, sitichedwa ayi. Tabwera kudzapempha kachingwe kamodzi kokha."

"Kachingwe kotani, mayi?"

"Kaja munkanena m'holo. Ka mwendo."

A Mapopa anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana kudenga.

"Mayi, zimene zija sizinathe kupangidwa. Tikungoyesa. Ngakhale ndikanakhala nako m'thumba, ndani angakaike?"

"Mayi a Nthanda si nesi? Akhoza kuikira konkuno. Ife sitiuza munthu."

"Achemwali," anatero Mayi Matilda, "ine ndimagwira ku wodi ya impso. Nditang'amba mwendo wa amuna anu patebulo langali, ndikagona kundende, ndipo iwowo mwendo ukhoza kudulidwa."

A Mapopa anafotokozanso zonse, za madzi amchere, za zaka zoyesa, za malamulo. Mayi Edwina ankamvetsera atapinda manja.

"Koma m'holo muja munati anthu adzayenda."

"Ndinati tsiku lina."

"Nanga lero si tsiku?"

A Enock anangothokoza tiyi. A Mapopa anawatsitsira ku siteshoni pa galimoto.

Sizinathere pomwepo. Mayi Edwina ankaimba foni nthawi ya nkhomaliro, a Mapopa atangovula chovala choyera chija. Ankatumiza mauthenga okhala ndi mavesi. Kenako anatuma a James, omwe anaimba madzulo ena n'kuyamba ndi nkhani ya mvula kumudzi, asanafike poti, "Aphunzitsi, paja akulu anati kupatsa n'kuika." Anthu omwe aja ankaseka za mabere tsopano ankati a Mapopa akhuta, aiwala kuti nawonso ankanyamula makatoni. Mayi wina anati zingwezo amasungira azungu.

"Ndikanangosiya aziti ndimapanga mabere," a Mapopa anauza akazi awo. "Nthawi imene ija panalibe wobwera kudzapempha."

M'sabata zomwezo zingwe zimene ankazidalira kwambiri zinalephera. Zinali zitakhala m'madzi nthawi yaitali kuposa zina zonse, ndipo Diana anali atayamba kuzitchula m'misonkhano. M'mawa wina makina oyezera anasonyeza kuti magetsi akudumpha kuchoka pa mzere wina kupita pa unzake. A Mapopa ataika kachingwe kamodzi pansi pa galasi lokuza zinthu, anaona silikoni atatukuka pa chitsulo ngati thuza. Anakhala nthawi akungokayang'ana. Kenako anapita kwa Diana n'kupempha kuti awapatse kamodzi mwa tizingwe towonongekato, akaonetse munthu wina. Anamufotokozera chifukwa chake.

"Tengani," anatero Diana, "koma mukadule pakati kaye. Mmene mukumufotokozera mayi ameneyo, akhoza kukayesa."

Anafika ku Wakefield Loweruka masana, Mayi Edwina akuvala yunifolomu kuti azipita ku shifiti. Anawaonetsa zidutswa ziwirizo m'kabokosi, ndi thuza lija. Mayiwo anasuzumira kamodzi.

"Ndiye mwasankha kutibweretsera chowonongeka."

"Ndi zonse zomwe tili nazo, mayi. Zabwino kulibe."

"Basi indisiya," anatero, n'kutuluka.

Anatsala awiri. A Enock anatenga kachidutswa kamodzi ndi dzanja lamanja, kukapinda, kukayang'anitsitsa pa windo.

"N'kofewa ndithu. Ndiye mukuti zitenga zaka zingati?"

"Sindidziwa, achimwene. Mwina khumi. Mwinanso ife tilephera, adzapanga ena."

"Ine ndinawauza mayiwa kuti tisapite kwanu kuja. Koma musawaone choncho. Amasambitsa nkhalamba za eni ake tsiku lonse, akafika pano n'kuyambanso ine. Ndamwa mizu yochokera ku Ntcheu, anandidzoza mafuta ku Leeds. Akamva chatsopano sagona."

A Mapopa anamva mtima wawo ukufewa. Anafunsa kuti nanga a fiziyo ku chipatala, omwe amathandiza ziwalo kuyambanso kugwira ntchito, akuti bwanji.

A Enock anakanda pamutu. "Kumeneko ndinasiya kalekale."

"Anakutulutsani?"

"Ayi. Kuti ndikafike pamafunika mabasi awiri. Tsiku lina ndinagwa potsika, ana asukulu akuona. Mayi wina wokalamba kundiposa ndi amene anandidzutsa. Basi sindinapitenso. Mayi a kuno ndinawauza kuti a chipatala anati zakwana."

Apa ndi pomwe a Mapopa anakalipa, ndipo akazi awo amati n'koyamba chikwatirane kumva kuti atero.

"A Enock, inu mukudziwa zomwe ndadutsamo ine? Foni yanga siipuma. Mpingo wonse ukuti ndine woumira. A James akundiponyera miyambi. Zonsezo chifukwa cha chinthu choti kulibe, pomwe thandizo loti lilipo, laulere, mukulithawa chifukwa ana asukulu anakuonani mutagwa? Chitunda cha kwathu chija munakwera bwanji? Kumeneko manyazi analibe?"

A Enock anatembenuza kachidutswa kaja m'manja. Kenako anati, "Kwanu kuja ndinali ndi mayiwa. Ndekha ndimaopa."

A Mapopa anaimirira. Anapita kukhitchini kwa eni ake, kumwa madzi, kubwerera.

"Mayiwo muwauze nokha lero lomwe. Ine bodza lanu sindisenza."

Madzulo a tsikulo Mayi Matilda atamva nkhani yonse anati pali kachipangizo kena komwe a fiziyo amapatsa anthu ena a phazi lokwakwaza. Sikalowa m'thupi. Amamata timapepala tiwiri pakhungu m'munsi mwa bondo, kabokosi kake n'kukhala m'thumba, ndipo munthu akanyamula chidendene kamatumiza magetsi odzutsa phazi. Anati si onse amene kamawathandiza, ndipo kuti a Enock awayeze n'komwe, ayenera kuyamba abwerera ku chipatala.

"Abwerera bwanji poti basi akuiopa?" anafunsa a Mapopa. Mayi Matilda anangowayang'ana.

Umu ndi mmene a Mapopa anapezekera akupempha Diana kuti Lachinayi azilowa masana n'kumaweruka mochedwa. Anayamba kumadzuka m'mamawa, kuyendetsa galimoto mpaka ku Wakefield, kutenga a Enock, kudikira pa benchi ya chipatala, kuwabweza kwawo, kenako kuthamangira ku Sheffield kukavala chovala choyera. Mayi Edwina atamva za bodza lija anakhala masiku osawayankhula amuna awo. Ndi a Mapopa ankayankhula, koma mwachidule.

Panapita miyezi asanawayeze, ndi inanso asanawapatse kachipangizoko. Tsiku loyamba kukavala, a Enock anadzidzimuka n'kunena kuti kakuluma ngati linthumbu. Koma phazi linadzuka. Anayenda kuchoka pa khomo la chipindacho mpaka pa windo zala osakhudza pansi, n'kuima, n'kuyang'ana nsapato yawo nthawi yaitali. Dzanja lamanzere, lomwe linafookanso ndi sitiroko ija, silinasinthe, ndipo ndodo sanaisiye. Ku fokolifiti sadzabwereranso. Koma ku shopu ya pakona amapita okha.

Mayi Edwina atawaona akuyenda m'khitchini, anapukuta maso ndi nsonga ya juzi, n'kutembenukira kwa a Mapopa.

"Ndiye bambo a Nthanda, mukanangonena poyamba paja kuti chilipo china. Anthu ophunziranu mumakonda kuzunguza anzanu."

A Mapopa anatsanzika. Potuluka anapeza thumba la mtedza litaikidwa pampando wa galimoto.

Ku labu akuyesa njira ina yotsukira chitsulo asanachiphimbe, ndipo mabotolo atsopano ali m'madzi. Maulendo a Lachinayi anachepa koma sanathe, chifukwa a fiziyo amafuna kumaona a Enock nthawi ndi nthawi. A Enock akakhala kutsogolo m'galimoto amakumbukira kuti anali dalaivala.

"Mwachedwa kusintha giya apa, aphunzitsi. Injini ikulira."

"Ndi galimoto yanga, a Enock."

"N'chifukwa chake ndikuimvera chisoni. Lowani kumanzereku, kutsogoloko akukumba msewu."

A Mapopa amapumira m'mwamba, n'kulowa kumanzere.