A Longin ndi Mapu a pa Zipika

Ndakhala ndikuzengereza kulemba za a Longin Wasilczyk chifukwa m'nkhaniyi inenso ndilimo, ndipo mbali yanga si yabwino. Zomwe ndinaona ndi maso ndinena kuti ndinaona. Zomwe ndinangomva ndinenanso choncho.

A Longin anabadwira kufupi ndi Mikaszowka, ndipo kuyambira ali mnyamata ankayendetsa mitengo pa ngalande ya Augustow. Ankamanga zipika za paini pamodzi, n'kuima pamwamba pake ndi ndodo yaitali, kuzikankha mpaka kumakina ochekera matabwa. Malole atailanda ntchitoyo, anagula boti lakale lachitsulo, nalikhomera kanyumba ka matabwa, mbaula ndi bedi. Analitcha Sabina, dzina la akazi awo. Mayi Sabina atamwalira, a Longin anasiyira mwana wawo wamkazi nyumba ya m'tauni n'kusamukira m'botimo. Kuyambira Epulo mpaka madzi kuyamba kuundana, kwawo kunali mmenemo. Miyezi yachisanu ankagona m'kachipinda kwa mwana wawo uja, akudandaula kuti pansi sipagwedezeka.

Ine ndinawadziwa nditapuma pa ntchito yophunzitsa jogalafe, pamene ndinagula kaboti kanga n'kulowa m'gulu lathu la oyenda pa ngalande. Tsiku loyamba ndinalowa m'chipata cha ku Paniewo, momwe amatsekera boti pakati pa zitseko ziwiri n'kutsitsa madzi. Poopa kugunda khoma, ndinamanga chingwe mfundo ziwiri. Madzi anayamba kutsika, boti n'kuyamba kupendekeka, lili lende pa chingwe. Bambo wina wamfupi anadumpha kuchoka m'boti lake n'kudula chingwecho ndi mpeni. Anali a Longin.

"Mumafuna kuliyanika?" anandifunsa akupinda mpeni. "M'chipata chingwe samanga. Mumangochikoleka, n'kumachimasula pang'onopang'ono. Mumagwira ntchito yanji inu?"

Ndinawauza.

"Ndimaona. Chabwino aphunzitsi, lero mwabwerera sitandade wani."

Kuyambira pamenepo ankanditcha aphunzitsi, ndipo gulu lonse linatengera.

Pa ngalande malangizo ndi aulere. Tikamadikira kuti chipata chitsegulidwe timauzana zonse: mlatho womwe uyenera kugwetsera mlongoti, pomwe udzu wa m'madzi umakola pulopela, nyumba yomwe amalola kutunga madzi akumwa. A Longin ankadziwa kuposa tonse. Ukawauza kuti ukufuna kukafika ku Kudrynki Lachisanu, ankayang'ana boti lako, kenako iweyo, n'kunena kuti, "Loweruka." Ndipo unkafikadi Loweruka.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe sitiuzana, ndicho malo omwe munthu anadzipezera yekha ogonapo. Malo otere sanenedwa pakamwa ndipo salembedwa. Mwini wake akakukhulupirira amakutsogolera, iwe n'kumamutsatira, ndipo ukatero sutengerako wina popanda kupempha. Lamuloli silinalembedwe m'buku la gulu lathu, ndinafufuza. Koma aliyense amalidziwa.

Malo a a Longin tinkawatcha pa Zipika. Linali dziwe lakale lomwe ankasungiramo mitengo podikira kuimanga, lobisika kuseri kwa bango. Pakhomo pake panamira zipika zambiri, moti wosadziwa ankathyola pulopela kapena kukhazika boti pamwamba pa chipika. A Longin anakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Analibe chikalata chilichonse cha malowo. Oyang'anira madzi ankadziwa, koma poti munthu mmodzi wachikulire sankasowetsa mtendere aliyense, ankayang'ana kumbali. A Longin ankadziwa bwino kuti tsiku lomwe padzakhale phokoso, chikalata chidzafunsidwa, ndipo sadzakhalanso ndi pomanga boti. N'chifukwa chake pa zaka zonsezo anaonetsa anthu anayi okha.

Ine anandionetsa chaka chachitatu.

"Mawa m'mawa munditsatire," anatero. "Kope lanulo mulisiye m'thumba."

Pa mtengo wa khungwa loyera wopendekera m'madzi anazimitsa injini, inenso ndinazimitsa. Tinakankha ndi ndodo, mbali yakumanzere ikukhuza bango, mpaka chipika chachitatu chinagogoda pansi pa boti. Pamenepo tinakhotera kumanja mwamphamvu, bango n'kutseguka. M'katimo munali zii. Pamtunda panali thabwa lotsikira, anyezi obzalidwa m'zidebe, ndi benchi yomwe anawakhomera mayi Sabina. Anandiphikira supu wa nsomba ndi mbatata, tinadyera buledi wakuda, ndipo sindinalembe kalikonse. Koma mutu wa mphunzitsi wa mapu umasunga, ndipo kenako ndinapitako kambirimbiri.

Mmodzi mwa anayi aja anali mlamu wawo, a Irek, mchimwene wa malemu mayi Sabina. A Irek anali dalaivala wa basi wopuma, munthu wa nthabwala, wosasowa botolo ndi nkhaka zowawasa m'boti. Awiriwa ankanyozana tsiku lonse.

"Alamu, chidebe chanuchi chidzamira liti kuti tipume?" ankatero a Irek akuloza boti la a Longin.

"Chidzamira tsiku lomwe mudzaphunzire kuimika boti osagunda doko. Mumayesa ndi siteji ya basi."

Tinkaseka, poti zinkaoneka kuti amakondana. Mwina ankakondanadi. Sindikufuna kunena zomwe sindikuzidziwa.

A Irek anagula maboti anayi obwereketsa kwa alendo. M'mwezi wa Febuluwale chaka chotsatira anabwera kunyumba kwanga atanyamula keke.

"Aphunzitsi, mlamu wanga akukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri mu Meyi. Malaya ali nawo, mpeni ali nawo. Ndaganiza za mapu a pa Zipika, ojambula pamanja, a mufulemu. Akadzalephera kukwera boti azidzawayang'ana pakhoma. Ndani angajambule kuposa inu?"

"Koma malo aja salembedwa," ndinatero.

"Kwa anthu akunja, inde. Apa tikupatsa mwini wake zake zomwe."

"A Longin akudziwa?"

"Akadziwa ndiye mphatso yathera pomwepo."

Ndinafunsa kawiri, ndipo kawiri konse anandiyankha choncho, dzanja lili pamtima. Ndinajambula milungu itatu. Ndinaika mtengo woyera, zipika zitatu zogogoda pansi pa boti zija, pokhotera, ndi mivi yosonyeza poyenda. Kuya kwa madzi ndinalemba kawiri paliponse, kwa Meyi ndi kwa Ogasiti, chifukwa sindinkafuna kuti a Longin apezepo cholakwa.

Pa phwando la tsiku lobadwa a Longin, a Irek anapereka jekete ndi botolo. Nditawafunsa chapansipansi, anati mapu akadali kwa woika mafulemu. Ndinakhulupirira.

Mu Juni ndinali kudikira pa chipata cha ku Perkuc pamene bambo wina wa ku Warsaw, ali m'boti limodzi la a Irek, anandikodola.

"Pepani mayi, mtengo woyerawu uli patsogolo kapena taupitirira?"

Anandipatsa kabuku kosindikizidwa bwino, komwe a Irek ankapatsa alendo awo. Patsamba lapakati panali mapu anga, osasintha ngakhale muvi umodzi. Pamwamba analembapo kuti awa ndi malo abata odziwika kwa eni dera okha. Sindikukumbuka chomwe ndinamuyankha bamboyo.

A Irek ndinawapeza pa doko lawo akutsuka boti.

"Munandinamiza," ndinatero.

"Aphunzitsi, khalani pansi, mwafiira. Madzi ndi a munthu? Alendo atopa ndi madoko a konkire, akufuna bata. Ndipo anthu akuyamikira, akuti wojambulayu ndi katswiri."

"Mukudziwa kuti alibe chikalata."

"Mlamu wanga ndimusamala ine. Wakalamba, akadzagwa kubango kuja adzamuona ndani? Mwina zimuthandiza kutuluka."

Mawu omalizawo sanawanene akundiyang'ana.

Tsiku lomwelo ndinapita pa Zipika. Ndinawerenga maboti asanu ndi awiri. Wailesi inali kulira, wina anayanika zovala zosambira pa benchi ya mayi Sabina, ndipo galu anali atagwetsa chidebe cha anyezi. A Longin anakhala pakhomo pa kanyumba kawo, kabuku kaja kali pabondo.

"Mwajambula bwino," anatero ndisanamange n'komwe chingwe. "Ndinayamba ndaganiza kuti ndi Irek yekha. Koma Irek sangalembe kuya kawiri. Pa ngalande yonseyi ndi munthu mmodzi yekha angatero."

Ndinafotokoza za keke, za fulemu, za kufunsa kawiri. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Munafunsa kawiri," anatero. "Kwa Irek. Ine nambala yanga muli nayo."



Chilimwe chonsecho a Longin anagwira ntchito yomwe sanaipemphe. Alendo ankalowa injini ili moyaka, ngakhale ndinalemba kuti azizimitsa, n'kukakhala pa chipika chachiwiri. A Longin ankatuluka ndi ndodo ndi chingwe kukawakoka. Ndinawaona kamodzi ali m'madzi ofika m'chiuno, akukankha boti la banja lina la ana atatu. Mzimayi wa m'botilo anawafunsa ngati ndi wantchito wa a Irek.

"Ayi mayi, ndine mlamu chabe," anayankha. "Wantchito amamuuza zomwe zikubwera."

Mu Ogasiti kunauma kwambiri. Ndinamva kuti anyamata ena anasiya makala owotchera soseji pamtunda, moto n'kulowa pansi m'nthaka ya masamba owola. Unanyeka masiku awiri. Ozimitsa moto atachoka, oyang'anira madzi anabwera. Sindiwaimba mlandu, anachita zomwe ntchito yawo imafuna. Anati dziwelo litsekedwa, ndipo anafunsa a Longin chikalata. Anawapatsa milungu iwiri.

Tsiku lomaliza ndinapita kukathandiza, ngakhale sanandiitane. Sanandithamangitse. Tinakweza thabwa lotsikira ndi zidebe zomwe zinatsala. Benchi inakana kulowa pakhomo la kanyumba, ndipo padenga inkatsekereza poyang'anira njira. A Longin anaiyesa uku ndi uku, kenako anaibwezera pomwe inali, naiwongola kuti iyang'ane kumadzi.

Tili pakati pa zimenezi a Irek anafika pa kaboti ka injini.

"Alamu, musavutike. Kwanga malo alipo. Magetsi, madzi a pampopi, dokotala pafupi. Simulipira kanthu. Muzingowauzako alendo njira m'mawa akamanyamuka, amakonda munthu wachikulire wodziwa mbiri."

A Longin anapitiriza kukulunga chingwe.

"Njira munalemba kale," anatero.

"Musatero alamu. Mlongo wanga akanakhala moyo akanafuna kuti mukhale pabwino."

"Mlongo wanu ndi amene anandipempha kuti ndikuonetseni kuno. Ine ndinkakana."

A Irek anayang'ana benchi, nayang'ana ine, ngati kuti ndiwathandize. Kenako analiza injini. Potuluka anagunda chipika chachiwiri, ndipo a Longin sanatembenuke.

Tinatuluka chakumasana, iwo patsogolo, ine pambuyo, monga tsiku lija anandionetsa malowo. Mlungu wotsatira oyang'anira madzi anakhoma mizati isanu pakhomo pa dziwe. Kabuku ka a Irek kanasindikizidwanso chaka chinacho popanda tsamba lapakati. Gulu lathu linakambirana zowachotsa a Irek m'gululo, koma poti lamulo lija silinalembedwe, nkhaniyo inathera m'malere. Ine ndinasiya udindo womwe ndinali nawo wa mlembi wa gululo.

A Longin sanagulitse boti. Tsopano amayendayenda, masiku awiri apa, masiku awiri apo, m'madoko a aliyense, pakati pa mawailesi. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ndipo kumanga ndi kumasula tsiku ndi tsiku kwawatopetsa, amaoneka. Akaona mlendo akumanga chingwe m'chipata amamukalipirabe, n'kumuphunzitsa. Ukawafunsa za mlatho kapena za udzu amakuuza. Ine amandipatsa moni mwaulemu wonse. Amati, "Mwadzuka bwanji mayi Danuta." Dzina la aphunzitsi sanalitchulenso.

Mu Meyi chaka chino ndinali kubwerera kuchokera ku Sosnowek pamene ndinaona boti lija la Sabina patsogolo panga, pamalo ena pomwe bango ndi lowirira. Sinditchula kuti ndi pati. Injini inali yozima, ndipo a Longin anaima kumbuyo ndi ndodo yawo yaitali, mphuno ya boti italoza kubango. Atamva injini yanga anatembenuka. Anandizindikira, nazika ndodo m'matope, n'kuima osasuntha. Ankadikira kuti ndidutse.

Ndinakweza dzanja, iwonso anakweza. Ndinadutsa maso ali kutsogolo, ndipo sindinacheuke mpaka nditakhota.